Babatoni, chigayo ndi thumba la feteleza: momwe sewero lathu loyamba linalandiridwira

Tilipo asanu m'gulu lathu. Ine ndimapanga zida komanso kuimba babatoni. Pali amalume anga omwe anayamba kuimba kaligo (chida cha chingwe chimodzi choimbidwa ndi kauta) ndi bangwe ine ndisanabadwe, mtsikana wovina yemwe anaphunzira zisudzo, mnyamata wa laputopu yemwe amangoyendayenda m'tauni kujambula phokoso pa foni, ndi mlakatuli. Tinkafuna kupanga chinthu chomwe si konsati, si sewero, si ndakatulo, koma zonsezo zitalukana pamodzi. Izi ndazikopera m'kope lomwe ndinkalembamo ndalama, ndiye mitengo yake ndi ya ku Blantyre kuno m'chaka cha 2024, kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati mukuwerenga papita nthawi, muziwonjezerapo.

14 Januwale: babatoni

Amene munaonapo Madalitso Band kapena Gasper Nali wa ku Nkhata Bay mukuidziwa babatoni: bokosi lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali, waya mmodzi basi. Yanga ndimaimenya ndi kamtengo, dzanja linalo likuyendetsa botolo pa waya.

Mtengo wa bulugamu wa mamita awiri ndi theka K3,500, chikopa K18,000, matabwa a bokosi K12,000, misomali ndi guluu K4,000. Zonse K37,500.

Waya ndinapeza ulere, wa m'mphepete mwa tayala lakale, koma ndinachita ulesi. M'malo mocheka ndi mpeni ndinalitentha tayalalo kuti waya atsale yekha. Anatsaladi, woyera bwino, koma moto unamufewetsa. Nditangomukunga kachiwiri anaduka, n'kundikwapula pachala. Tayala lachiwiri ndinakhala nalo tsiku lonse, kucheka ndi mpeni, kupala mphira, kukwecha ndi sandipepa. Ameneyo alipobe mpaka lero.

Chikopa chimakhomedwa chili chonyowa kuti chikamauma chizikungika chokha. Ndinaiwala kuti uno ndi mwezi wa mvula. Masiku anayi osauma, fungo mpaka kwa aneba. Mayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzafunsa mwaulemu ngati kwathu kwafera galu. Ndinachipaka phulusa n'kuchipachika m'khitchini chapatali ndi mbaula, ndipo patatha sabata chinayamba kulira.

3 Febuluwale: chigayo

Mnyamata wa laputopu anabwera ndi mphindi 20 za phokoso la chigayo cha kwathu ku Ndirande. Ukamvetsera bwino, pansi pa kukhokhomola konse kuja pali liwu limodzi lalitali la mota. Tinagwirizana kuti liwu limenelo likhale maziko a sewero lonse, ndipo babatoni ndi kaligo zichunidwe kutsata pamenepo.

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe mphwanga, zaka zonsezi ndakhala ndikuimba, lero ukuti ndizitsogoleredwa ndi chigayo?"

"Tangoyesani kamodzi, amalume. Zikakanika tisiya."

Zinakanikadi poyamba, pa chifukwa chomwe palibe anachiganizira. Akathira chimanga, mota imalemedwa ndipo liwu limatsika. Chimanga chikatha limakweranso. Ife tinkachuna pa liwu la mota yopanda katundu, ndiye pakati pa nyimbo tonse tinkamveka ngati tasochera. Mnyamata uja anati akhoza kuliwongola pa kompyuta. Amalume ndi omwe anakana. Kaligo alibe malire pa chingwe chake, chala chimapita pomwe wafuna, choncho iwo anayamba kutsika chigayo chikatsika, kukwera chikakwera. Inenso ndi botolo langa ndinawatsatira. Gawo limeneli ndi lomwe tinkalinyadira kuposa onse, ndipo ndi lomwe linadzatukwanidwa kuposa onse.

24 Febuluwale: kukweza mawu

Zida izi sizimveka m'holo popanda magetsi. Ndinagula timbale ta piezo 6 (timaiki tomata pa chida, togwira kunjenjemera kwake) kwa okonza mawailesi ku Limbe, K800 kamodzi, chingwe mamita 10 pa K18,000, ndi majaki 6 pa K7,200.

Vuto loyamba: nditamata piezo pa babatoni n'kulowetsa molunjika mu mikisa (chipangizo chosakaniza mawu), besi yense anasowa. Chida chachikulu ngati chitseko chinkalira ngati chitini cha sadini. Piezo imafuna polowera pa impedance (kukaniza kwa magetsi) yokwera, cha m'ma megaohm imodzi, pomwe polowera wamba pa mikisa n'potsika kwambiri, ndiye mawu apansi amathera panjira. Mankhwala ake ndi preamp pakati, kabokosi kolandira mawu a piezo asanafike mu mikisa. Ndinapeza yakale ya gitala pa K35,000, besi n'kubwerera.

Lachiwiri: kung'ung'udza kwa magetsi, kuja kwa 50 Hz. Ndinali nditalumikiza piezo ndi timawaya wamba tosatetezedwa kutalika ngati mkono. Ndinatidula, n'kuwotcherera chingwe cha shield, chija chokutidwa ndi waya wotchinga phokoso, pa kambale penipeni. Samalani powotcherera, mbali yoyera ya piezo imasupuka msanga ndi moto. Ndinapha tiwiri ndisanaphunzire.

Lachitatu ndi lomwe ndinalinyozera. Tikakweza voliyumu, chikopa chinkagwira mawu a sipika n'kuwabweza, sipika n'kuyamba kufuula yokha. Ine ndinati zili bwino, ndi mbali ya luso. Ndinkadzitonthoza ndi nkhani ya gulu loimba la Konono N°1 la ku Kinshasa. Mingiedi Mawangu, yemwe analiyambitsa, ankafuna kuti likembe lake (chida chonga kalimba) lizimveka pa phokoso la mumsewu, n'kudzipangira ma maiki ndi maginito a m'zitsulo za galimoto zakutha. Mawu ankatuluka osweka, ndipo chimbale chawo chitatuluka ku Belgium mu 2004, olemba za nyimbo ku Ulaya anagwa nawo m'chikondi mawu oswekawo. Chomwe sindinafune kuona n'chakuti kusweka kwa Konono kunali m'manja mwawo, ankakuyendetsa. Kwathuku sipika inkafuula nthawi yomwe yafuna yokha.

Zamagetsi zonse K65,000.

16 Malichi: holo ndi zovala

Holo tinapeza ya makoma a simenti, denga la malata lopanda siling'i, K90,000 usiku umodzi. Masipika ndi mikisa kubwereka K60,000, jenereta K40,000, petulo malita 10 pa K2,530 lita, ndiye K25,300. Mapositala K25,000. Za chilolezo cha ku Censorship Board muziyamba kufunsa kukadali nthawi, osati sabata ya sewero.

Tinakayendera holoyo masana muli phee, tinaomba m'manja kamodzi, tinamva mawu akubwerera, n'kuseka kuti aziwonjezera kukoma.

Wovina wathu anadzisokera yekha chovala kuchokera ku matumba awiri a feteleza, lina kuthupi, lina kumutu lobisa nkhope yonse, timabowo tiwiri ta maso. Ganizo lake linali loti iye ndi thumba la chimanga lomwe likupita kuchigayo. Tonse tinati n'zanzeru. Palibe mwa ife anafunsa kuti munthu wongolowa m'holo, wosadziwa za ganizolo, akaona wovina wobisa nkhope atavala ziguduli aganiza chiyani.

27 Epulo: usiku woyamba

Anabwera anthu 63, olipira 41 pa K5,000, ena onse achibale ndi oitanidwa. Tinapeza K205,000. Tinali titawononga K342,800 osawerengera mayendedwe ndi chilolezo.

Tinayamba ndi chigayo chokha mumdima, mphindi 12, popanda wolankhula. Patatha mphindi 20 magetsi anazima. Jenereta tinali titaiika pafupi ndi khomo chifukwa chingwe chinali chachifupi, ndiye kuyambira pamenepo m'holo munali mamota awiri, wina wojambulidwa wina weniweni, osagwirizana liwu. Sewero linatenga mphindi 70. Ndinawerenga anthu 9 akutuluka. Titamaliza kunali zii kwa kanthawi, anthu osadziwa ngati tatha, mpaka mlakatuli anati "zikomo" ndiye anaomba m'manja.

Ife pa siteji tinamva ngati zayenda bwino. Ndikulemba izi dala.

4 mpaka 12 Meyi: zomwe ananena

Tinaitana atolankhani anayi, anabwera mmodzi, wa tsamba la zaluso m'nyuzipepala ina. Nkhani yake inatuluka Loweruka lotsatira, ndime zisanu ndi imodzi. Mwachidule anati kotala yoyamba ya sewero inali phokoso chabe, mawu a mlakatuli sanamveke ngakhale mzere umodzi, wovina ankavina mumdima, ndipo gululi likuoneka kuti limadziimbira lokha osalabadira omwe alipira pakhomo. Anayamikira kaligo wa amalume m'chiganizo chimodzi, n'kufunsa chomwe katswiri ngati ameneyo akuchita pakati pa ana osokonekera.

Ndinapsa mtima. Usiku womwewo ndinalemba yankho lalitali loti munthuyu sadziwa za luso loyesa zatsopano, anazolowera nyimbo za paukwati. Wovina wathu anandilanda foni. "Achimwene, mugone kaye. Mawa mukalifunabe mutumiza." Sindinatumize.

Pa Facebook kanema wa mphindi imodzi yemwe wina anajambula anayenda kuposa momwe tinkayembekezera, koma osati mokomera ife. Ambiri ankaseka, ena ankafunsa ngati ndi mapemphero a mpingo watsopano, angapo anati n'zausatana. Izi sizinandipweteke kwenikweni. Kanema wa pa foni wa gawo la chigayo, inenso ndikanaseka.

Kenako zinthu ziwiri zinabwera tsiku limodzi, ndipo ndi zomwe ndikufuna a magulu ena azimvetse.

M'mawa mlakatuli anatitumizira zomwe analemba mlendo wina wochokera ku Ulaya, yemwe anali m'holo usiku uja ndipo amalemba za maulendo ake pa intaneti. Anatitamanda kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anati waona mwambo wakalekale wa Achewa, zida zamakolo zomwe zadutsa m'mibadwo, ndi mzimu wovala chigoba ukuvina. Mnyamata wa laputopu anasangalala, akuti tiike mawuwo pa positala.

Madzulo ake kunabwera bambo ena achikulire, anzawo a amalume, ochokera ku Dedza. Anakhala pakhonde, anamwa tiyi, anafunsa za mvula ndi za ana, kenako anati: "Ana inu, chija munavalika mtsikana uja n'chiyani?" Tinafotokoza za thumba la chimanga. Anagwedeza mutu n'kunena kuti iwo sanaone thumba la chimanga. Anaona chinthu chofanizira gule, chovalidwa ndi munthu wosayenera, pamalo osayenera, anthu atalipira pakhomo. Sanakalipe. Anangoti zinthu zina zili ndi eni ake.

Apa ndi pomwe ndinazizidwa. Mlendo wotitamanda ndi bambo otidzudzula anaona chinthu chimodzimodzi, ndipo chinthucho sitinachipange dala. Gule Wamkulu ndi wodziwika kunja, bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, ndiye mlendo akaona nkhope yobisika ku Malawi maganizo ake amathamangira komweko. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kameneka kanali kobuntha: "zida zamakolo" zake zinali babatoni ya miyezi itatu ya waya wa m'tayala, ndi laputopu. Tikanaika mawu ake pa positala tikanakhala tikugulitsa bodza, komanso bodza lokhudza mwambo wa anthu ena. Pa ndemanga zonse zomwe tinalandira, yotikomerayi ndi yomwe inali yolakwika kwambiri.

18 Meyi: kumvetsera

Tinali ndi zojambula ziwiri za usiku uja. China chinachokera mu mikisa molunjika. China anajambula mlongo wanga pa foni, atakhala mzere wachiwiri kuchokera kumbuyo, komwenso mtolankhani uja anakhala.

Cha mu mikisa n'chokoma. Ndakatulo ikumveka liwu lililonse, kaligo akutsetsereka ndi chigayo monga tinkafunira. Ndi chimenechi chomwe tinkamvera sabata zonse zitatu n'kumadziuza kuti mtolankhani ndi wansanje.

Cha pa foni tinachimvera tonse asanu tili chete. Chigayo ndi babatoni zikugunda khoma lakumbuyo n'kubwerera, kukumana ndi zinzake, zonse n'kusanduka phala. Sipika ikufuula katatu konse. Jenereta pamwamba pake. Mlakatuli akumveka ngati munthu wolankhula m'chimbudzi cha nyumba ina. Ndinayesa kulemba mawu omwe ndikuwamva m'ndakatulo yoyamba, yomwe ndimaidziwa pamtima, ndinapeza asanu ndi awiri.

Amalume anangoti, "Wakutsina khutu ndi mnansi," n'kutuluka kukasuta.

Ndinatenga pepala n'kugawa madandaulo onse patatu. Ofuna ndalama: kubwerera kwa mawu, jenereta, kuwala. Ofuna kuyeserera: kutalika, poyambira, pothera, chovala. Omwe sitisintha: chigayo. Pa mulu wachitatuwu tinakangana. Mlakatuli ankati tichichotse, anthu sachifuna. Ine ndinati anthu sanachimve n'komwe, anamva phala, ndiye sitingadziwe ngati sachifuna. Tinagwirizana kuchipatsa mwayi umodzi wina.

Juni yense: kukonza

Mphasa 8 pa K3,500 imodzi, K28,000. Tinazipachika kukhoma lakumbuyo motalikirako pang'ono ndi khoma, pamodzi ndi mabulangete obwereka kunyumba. Mphasa payokha sigwira mawu apansi, koma ndi bulangete kumbuyo kwake kusiyana kunamveka ngakhale pongoomba m'manja.

M'bokosi la babatoni ndinalowetsamo siponji ya matiresi akale, yokhudza chikopa pang'ono chamkati. Piezo ndinaichotsa pa chikopa n'kuimata pa kathabwa komwe waya amatsamira. Masipika tinawasunthira kutsogolo kwa siteji kuti zida zikhale kumbuyo kwawo. Kufuula kunatha. Sizinadye ndalama, zinangofuna kuti ndivomere kuti sikunali luso.

Voliyumu ya chigayo tinaitsitsa pafupifupi theka, ndipo mlakatuli akamalankhula mnyamata wa laputopu amachitsitsanso. Lamulo latsopano poyeserera: mmodzi wa ife azikhala kumbuyo kwa holo, ndipo akakweza dzanja tonse tiziima.

Jenereta tinaisiya. Tinabwereka batire ndi inverter kwa mnzathu wa shopu yometa, zokwanira mikisa, laputopu ndi sipika imodzi kwa ola. Chingwe chachitali K15,000. Magetsi owunikira wovina ndi mababu awiri a LED m'zitini za mkaka.

Sewero tinalidula kuchoka pa mphindi 70 kufika 48. Chigayo chokha mumdima chinachoka pa 12 kufika 4. Zinandiwawa, koma pa mphindi 8 zomwe zinapitazo palibe yomwe ndingaitchule kuti ndikuisowa. Tinawonjezera chinthu chomwe poyamba ndinkachiona ngati kudzitsitsa: mlakatuli amatuluka magetsi akuyaka, kupereka moni, n'kunena m'ziganizo zitatu kuti mumva chigayo cha ku Ndirande, zida zizichitsatira, ndipo tikatha tidzakuuzani. Ziganizo zitatu zimenezo zinagwira ntchito kuposa mphasa zonse.

Chovala: thumba lakumutu linachoka. Wovina amavala lakuthupi lokha, nkhope poyera, ndipo amalowa atasenza lichero. Iye mwini anati kuvina kwake kwasintha, chifukwa tsopano anthu akumuyang'ana m'maso ndipo sangabisale. Bambo a ku Dedza aja tinawatumizira uthenga kudzera mwa amalume, anayankha kuti amva.

20 Julayi: usiku wachiwiri

Chiperoni chinagwa kuyambira m'mawa. Pofika 5 koloko chikopa cha babatoni chinali chitalefuka, chikulira ngati katoni yonyowa. Makala a K2,000, mbaula kuseri kwa holo, kuwamba ngati ng'oma. Ndinawamba mopitirira chifukwa cha mantha, ndipo pafupi ndi msomali wina panayamba kamng'alu. Kanapirira mpaka kumapeto.

Olipira 52. Anatuluka awiri, mmodzi ndi mwana wolira. Pa gawo la chigayo, chimanga chitathiridwa liwu n'kutsika, amalume n'kutsika nalo, mayi ena kutsogolo anaseka mokweza n'kunena kuti "chalemedwa!" Anthu ena anaseka nawo. Usiku woyamba palibe akanatha kumva zimenezo.

Mtolankhani uja tinamuitananso. Anzanga ena sanafune, koma ndinamulembera uthenga waufupi woti tinamvera zojambula za kumbuyo kwa holo ndipo pa za mawu ananena zoona. Anabwera, anakhala malo omwe aja.

28 Julayi: nkhani yachiwiri ndi ndalama

Ulendo uno analemba ndime zitatu. Anati ndakatulo zamveka ndipo ziwiri mwa izo n'zabwino, wovina ndiye mtima wa sewero, ndipo gululi lamvera. Za chigayo sanasinthe: anati tsopano wachimva bwinobwino, wamvetsa chomwe tikuyesa, ndipo sakuchikondabe. Kwa iye ndi nzeru yokwana mphindi imodzi yomwe taitambasula. Sindikugwirizana naye, ndipo chigayo chikhalapo. Koma ndemanga iyi ndaisunga m'kope, chifukwa ndi yoyamba yomwe ikukamba za chinthu chomwe tinapangadi.

Mlendo wa ku Ulaya tinamulembera kumupempha akonze zoti ndi mwambo wamakolo. Sanayankhe, ndipo nkhani yake ikadali pomwepo. Munthu wina wokonza zoimbaimba kunja watifunsa kale kudzera m'nkhaniyo ngati tingabwere ndi "chigoba chija". Tamuyankha kuti kulibe chigoba, kuli lichero.

Ndalama za usiku wachiwiri: holo K90,000, masipika K60,000, mphasa K28,000, chingwe K15,000, makala K2,000, zonse K195,000. Mapositala sitinasindikize, tinangolengeza pa WhatsApp. Talowetsa K260,000, kutsala K65,000. Kuchotsa pa K137,800 yomwe tinaluza mu Epulo, tikadali ndi dzenje la K72,800, lomwe ambiri mwake ndi ngongole yanga kwa mlongo wanga.

Kamng'alu kaja kafika masentimita 6. Ndafunsa chikopa china, akuti tsopano ndi K22,000. Ndidikira Sepitembala kuti ndidzakhome kukutentha, ndipo ulendo uno misomali ndiitalikitsa ndi m'mphepete.